Wayilesi Yanga Sindizimitsa

Achimwene a Vitalis,

Kuno ku Soche tili bwino, kaya inu ku Kitwe? Wayilesi munatumiza ija yandiyambanitsa ndi akulu ampingo. Akuti mayi waimvi ngati ine, wokulira m'kwaya, sayenera kumvera magitala a ku Lusaka. Ndawauza kuti makutuwa ndi anga. Ndili mtsikana anandiletsa ngoma zakwathu, ndinagonja, koma pano toto. Magitalawo andilowa m'magazi, ndiponso pakati pa nyimbo amawerenga moni wochokera kumigodi. Dzina la amuna anga, alamu anu a Kingsford, amene anapita kumigodiko, silinamvekebe. Mukawaona kumeneko, musawauze kanthu.

Lamulungu andiitanira kubwalo la mpingo. Ndipita ndithu, koma nthawi ya moni ikakwana, adzatsala akuweruza mpando.

Ndine mlongo wanu,
Alefa