Atate Andiperekeza Paminibasi

Ba Sisi okondedwa,

Muli bwanji ku Botswana? Kuno ku Kafue tili bwino, ndipo chifuwa cha amai chapola.

Lolemba ndinakapereka mapepala kuyunivesite ku Lusaka, kupempha malo a digiri yachiwiri ya zothandiza anthu ovutika. Ndinkaopa kuuza atate, poti kuyambira pomwe anawachotsa ntchito kufakitale satuluka m'nyumba, ndipo amene ndimakhala nawo ndine. Nditawauza, anati, "Pita mwanawanga. M'dera lathu lino la Estates tadzitsekera ambiri, tikufunika wina wodziwa kugogoda."

Lolembalo m'mawa anavala jekete nandiperekeza mpaka paminibasi, akupereka moni kwa aliyense panjira. Ine misozi sindinaigwire.

Mundipempherere kuti anditenge. Muwalembereko atate, amakufunsani tsiku lililonse. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Tisa