Dzina la Alamu pa Bat

Lolemba, 3 November 2008

Mtisunge kwa Yona, 13:04
yona wapita kwa loya? ndili pa break, ndiuze msanga

Yona kwa Mtisunge, 13:09
ndapita achemwali. akuti appeal ya mapepala okhalira kuno ija yathera pomwepo. chatsala ndi fresh claim koma pakhale umboni watsopano. deadline lachisanu la sabata ya mawa

Mtisunge kwa Yona, 13:10
umboni wa chani

Yona kwa Mtisunge, 13:13
woti ndili ndi moyo kuno. kuti zaka 6 zonsezi sindimangogona pa sofa ku rotherham. makalata a anthu ondidziwa, zithunzi, chilichonse cholembedwa

Mtisunge kwa Yona, 13:14
abusa alemba, ndiwauza

Yona kwa Mtisunge, 13:16
akuti kalata ya abusa mmalawi aliyense amabweretsa. akufuna za eni dziko. koma mverani izi. a ralph andiyimbira mmawa. ndawina

Mtisunge kwa Yona, 13:17
a ralph ndani. wawina chani

Yona kwa Mtisunge, 13:20
coach wathu wa baseball. award ya league yonse ya kumpoto kuno, infielder womenya bwino kuposa onse chaka chino

Mtisunge kwa Yona, 13:21
raundasi yako ija? infielder ndye chani

Yona kwa Mtisunge, 13:26
musanyoze. infielder ndi ife oyima mkati pafupi ndi ma base, ine ndili pa third. ku america ma pro omenya bwino amapatsidwa bat ya silver chaka chilichonse. league yathu imatengera, kungoti yathu ndi ya mtengo yopopera penti. loweruka ku bradford

Yona kwa Mtisunge, 13:28
ma season 4 ali mma scorebook. chithunzi chituluka mu nyuzi. a ralph akuti kalata alemba. mzungu wa zaka 60, anali headmaster. loya akufunanso chani

Mtisunge kwa Yona, 13:29
Mulungu ngwabwino. chibonga chikupulumutsa

Mtisunge kwa Yona, 13:34
yona. pa bat alembapo dzina liti

Mtisunge kwa Yona, 13:41
break yatha. ndiyankhe

Mtisunge kwa Yona, 17:55
ndafunsa dzina liti

Yona kwa Mtisunge, 18:30
la alamu. overtone chimwaza

Mtisunge kwa Yona, 18:31
iwe. mwamuna wanga anakubwereka mapepala kuti ugwire ntchito ku warehouse, osati kukasewerera mpira

Yona kwa Mtisunge, 18:37
anandipititsa ku practice ndi anzanga a ku warehouse konko. atafika anati uyu ndi overtone. ndikanati ayi ndine yona, mawa lake supervisor akanamva. ndinangolemba form. ndinkayesa za sande imodzi

Mtisunge kwa Yona, 18:38
sande imodzi zaka 4

Lachiwiri, 4 November

Yona kwa Overtone, 10:02
alamu mwadzuka bwanji. achemwali akuuzani?

Overtone kwa Yona, 10:20
Tadzuka alamu. Andiuza. Ndamva kuti ndine katswiri, ine amene ngakhale mpira wa chikulunga unkandikana.

Yona kwa Overtone, 10:23
haha mumamenya koopsa. koma nkhani ndi iyi. ndikufuna ndiwauze a ralph zoona, kalata alembe ya yona makwinja. kenako ndipite nayo kwa loya

Overtone kwa Yona, 10:25
Akafunsa kuti Overtone wa mma scorebook ndi ndani?

Yona kwa Overtone, 10:26
nditi nickname

Overtone kwa Yona, 10:31
Nickname yokhala ndi surname ndi date of birth? Theka la timu yanu limagwira nanu ntchito. Kungokoka ulusi umodzi afika ku warehouse, kuchoka apo afika pa NI number yanga, nambala ya msonkho ija.

Yona kwa Overtone, 10:35
ndinena kuti mapepala ndinakuberani, inu simumadziwa

Overtone kwa Yona, 10:44
Zaka zinayi makalata a tax a ku warehouse akubwera pakhomo panga ku Sheffield. Akhulupirira ndani? Ndiponso mukati munaba akumangani, claim yafa basi.

Overtone kwa Yona, 10:47
Indefinite yathu, chilolezo chokhazikika kuno, tikulemba January. Ine ndili pa visa ya achemwali anu. Akandigwira ine, unesi wawo uli pa chiswe. Mwana wathu Aida wangoyamba Year 2, kumudzi sakudziwako.

Yona kwa Overtone, 10:48
ndikudziwa

Overtone kwa Yona, 10:50
Sindikukukanizani alamu. Ndikungokuuzani mmene zilili.

Yona kwa Overtone, 10:51
nchimodzimodzi

Lachinayi, 6 November

Mtisunge kwa Yona, 11:15
watuluka kosaina ku immigration?

Yona kwa Mtisunge, 11:52
ndatuluka. bambo wa ku zim amene timayima limodzi pa mzere sanatuluke. anamuyitanira chitseko chammbali chija. ambulera yake ndili nayo ine

Mtisunge kwa Yona, 11:53
usamandiuze zimenezo ndili pa ward

Yona kwa Mtisunge, 12:10
ndinayesa kuwafunsa a ralph ngati angalembe yona pa bat, ndinati ndi dzina la kunyumba. akuti engraving inachitika kale, amatsata form ya registration. akuti dont worry son we spelled it right

Mtisunge kwa Yona, 12:12
ndye loweruka upita?

Yona kwa Mtisunge, 12:13
ndipita. ndinamenya ndine

Loweruka, 8 November

Yona kwa Mtisunge, 14:40
tafika bradford. hall ya cricket club, kukuzizira ngati mu fridge. ndavala jekete ya alamu ija. dzina lawo jekete yawo, zikugwirizana

Yona kwa Mtisunge, 16:22
[uthenga wa mawu, 1:05]
Achemwali, mwina muli pa shift. Ndatuluka panja kaye. Andipatsa. Anawerenga ma figure onse, kuti pa maulendo khumi ndinkamenya anayi, palibe infielder wina anafikapo. Kenako anati Overtone Chimwaza, analitchula bwinobwino, a Ralph anachita kuwaphunzitsa. Holo yonse kuyimirira. Ine mnzanga anachita kundikankha kuti ndipite. Ndikupita kutsogolo kuja ndimaganiza kuti chifikireni dziko lino dzina langa lenileni limangotchulidwa pa windo la kosaina. Ndasangalala, sindinama. Koma zikundiwawa achemwali. Zikundiwawa kwambiri. Basi, akundiyitana ku chithunzi.

Mtisunge kwa Yona, 19:48
ndamvera mu tram. ndalira anthu akundiona

Yona kwa Mtisunge, 19:55
kalata andipatsanso, mu envelope. ndinangowauza kuti ndi ya mapepala. masamba awiri

Mtisunge kwa Yona, 19:56
alemba zotani

Yona kwa Mtisunge, 20:03
kuti zaka 4 sindinajombepo practice. kuti ndimabwera pa mabasi awiri ndi kukhala womaliza kuchoka, kutolera ma base. kuti atachitidwa operation ya bondo ndinkawatchetchera kapinga. kumapeto alemba Overtone is the most honest man I have coached

Mtisunge kwa Yona, 20:04
mayo ine

Yona kwa Mtisunge, 20:06
palibe anandilemberapo zabwino chonchi. ngakhale kusukulu

Lamulungu, 9 November

Mtisunge kwa Yona, 08:12
sindinagone. auze a ralph zoona. auze ndi loya yemwe. mayi akumwalira anakusiya mmanja mwanga. zinazo tidzaona

Yona kwa Mtisunge, 08:20
alamu akudziwa kuti mwalemba zimenezi?

Yona kwa Mtisunge, 09:45
achemwali

Yona kwa Mtisunge, 13:30
mwatuluka ku church?

[Yona wayimbira Mtisunge, 15:02. Sanayankhe.]

Lolemba, 10 November

Mtisunge kwa Yona, 07:05
dikira kaye usanawauze

Mtisunge kwa Yona, 07:09
takambirana dzulo lonse. overtone sanakalipe, bola akanakalipa. anangokhala pa masitepe. aida anabwera kumufunsa daddy are we in trouble

Mtisunge kwa Yona, 07:11
sindikuti ayi. ndikuti dikira tione njira ina

Yona kwa Mtisunge, 07:30
ndamva

Mtisunge kwa Yona, 07:31
usandiyankhe choncho

Yona kwa Mtisunge, 07:36
ndiyankhe bwanji. njira ina kulibe, tonse tikudziwa. inenso ndikanakhala inu ndikanatero. musadzizunze

Overtone kwa Yona, 12:15
Alamu, ndalankhula ndi azungu awiri a ku care home komwe ndimagwira ntchito. Akhoza kusaina kuti amakudziwani.

Yona kwa Overtone, 12:22
anandionapo kamodzi pa braai. loya akawafunsa ndimakhala street iti ayankha chani. zkm alamu koma mabodza akwana

Lachitatu, 12 November

Mtisunge kwa Yona, 14:02
wapereka chani kwa loya

Yona kwa Mtisunge, 14:18
kalata ya abusa, zithunzi za kwaya, card ya library. anayang'ana nkuti is that all, six years? ndinati eya. akuti apereka lachisanu koma ndisayembekezere zambiri

Mtisunge kwa Yona, 14:19
sunawauze za mpira

Yona kwa Mtisunge, 14:21
anafunsa ngati ndili ndi hobby. ndinati ndimakonda kuonera

Yona kwa Overtone, 16:40
alamu ndinadutsa kwanu kulibe munthu. bat ndayika mu shed kuseri kwa njinga. kalata ndaponya pa letterbox

Overtone kwa Yona, 16:52
Za chiyani? Nzanu zimenezo.

Yona kwa Overtone, 16:58
akadzabwera kudzasecha chipinda changa asazipeze. ndipo kalatayo muyike mu application yanu january. ili ndi dzina lanu, date of birth yanu. ikunena kuti ndinu munthu wabwino. isawonongeke chabe

Overtone kwa Yona, 17:01
Musandichite chipongwe alamu.

Yona kwa Overtone, 17:04
si chipongwe. wina apindule nayo. kungoti akakufunsani mumayima pati muziti third base

[Overtone wayimbira Yona, 17:05. Sanayankhe.]

Lachinayi, 13 November

Yona kwa Mtisunge, 09:41
ndili pa mzere. mvula. ndikatuluka ndi txt

Mtisunge kwa Yona, 11:20
watuluka?

Mtisunge kwa Yona, 12:05
yona

[Mtisunge wayimbira Yona, 12:30. Foni yazimitsidwa.]

Mtisunge kwa Yona, 13:15
ngati ndi battery bwereka ya munthu pls

Overtone kwa Yona, 15:40
Alamu ndili panja pa ofesi. Akutseka. Sakundiuza kanthu.

Lachisanu, 14 November

Mtisunge kwa Yona, 10:26
loya wayimba. akuti akusunga, akupititsa ku detention ya kummwera, ticket ya ndege ilipo kale. claim wapereka koma akuti ndi yopepuka. akuti foni anakulanda. ndizilembabe, udzawerenga

Mtisunge kwa Yona, 10:40
ndinamufunsa kuti pakanakhala kalata ya mzungu wokudziwa zaka 4 zikanasintha? anati it might have. anafunsa ngati ilipo

Mtisunge kwa Yona, 10:41
ndinati ayi

Mtisunge kwa Yona, 18:12
ndikhululukire mlongo wanga

Lamulungu, 16 November

Mtisunge kwa Yona, 15:07
sindimadziwa kuti pa form ya timu unalemba nambala ya kunyumba kwathu. a ralph ayimba. akuti sunabwere ku indoor practice koyamba mzaka 4, ku ntchitonso sakukuona

Mtisunge kwa Yona, 15:09
ndawauza kuti adikire, ndiwayimbira. mkulu uja amakukonda

Mtisunge kwa Yona, 15:14
akungofuna kudziwa ngati overtone ali bwino. overtone ali pompano pa sofa, akundiyang'ana

Mtisunge kwa Yona, 15:31
ayimbanso. foni ikulira. ndiwauze chani yona