Esinati Asalowe M'bwalo Loweruka

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno ku Kabwata tilipo, koma ine mtima suli m'malo.

Ndiyambe ndi zabwino, paja simunkafuna munthu wolowa m'nyumba ndi madandaulo asanapereke moni. Mng'ono wanga Judi anachira ku Chelstone, mwana wamwamuna, mphuno yake ndi yanu ija. Mtengo wa mapeyala munabzala kuseri kwa bafa uja wabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo ana a aneba akutithandiza kukolola osapemphedwa. Magetsi akuzimabe monga munawasiyira. Achimwene a Yohane ntchito inawathera ku Heavy Industrial Area. Chimene chawatsalira ndi timu yathu ya atsikana, iwo kochi wamkulu, ine wothandiza, monga kale.

Nkhani ndi ya Esinati, mwana wawo, uja munamupatsa dzina lanu. Munamusiya akuthamangitsa mpira wamapepala pamsewu. Pano watalika kundiposa, ndipo mpira wam'mwamba palibe amamulanda.

Loweruka lapitali, pa kona, anadumphira mpira limodzi ndi mtsikana wa timu ina, mitu n'kuwombana. Phokoso lake tinalimva tili kunja kwa mzere. Esinati anagwa, anadzuka, anagwanso. Achimwene anathamanga ndi chigubu, n'kumuthira madzi pamutu, n'kumukankhira m'bwalo. Ine ndinakuwa kuti atuluke, koma mawu anga anamira m'phokoso la anthu owomba m'manja. Masewero atatha anandifunsa kuti, "Anti, tawina?" Ndinamuyankha. Tisanafike pamsika anandifunsanso funso lomwelo, ndiponso pageti. Kunyumba anasanza. Mpaka lero akaona dzuwa amatsinzina, ndipo dzulo anaiwala kuti wateleka madzi pambaula.

Amayi, chaka chatha ine ndikanati mwanayu ndi wolimba. Ndinakulira m'manja mwanu. Ndikukumbukira beseni lanu, madzi otentha, mchere ndi chitenje chakutha chija, mukuthowa miyendo ya ana a Kabwata yense. Munkati, "Ukalira ndiye kuti ukupola." Tinkalira ndithu, ndipo tinkapola. Koma chaka chino ndakhala ndikupita ku Woodlands ku maphunziro a makochi, ndipo kumeneko anatiuza kuti chotupa chatsopano chimafuna zozizira, osati zotentha. Ndinachita manyazi m'malo mwanu, kenaka m'minibasi ndinakusekani ndekha. Za miyendo ndinaseka. Za mutu sindinaseke. Anatiphunzitsa kuti ubongo umatha kugwedezeka mkati popanda bala kunja, mwana n'kumayenda, n'kumaseka, pamene mkati simunakhazikike. Amafunika kupuma mpaka adokotala atavomera. Akawombedwanso asanapole, pali ena amene sadzukanso.

Ndinapita naye kukiliniki Lolemba. Anena zomwezo: mpira ayi, mpaka amuonenso.

Vuto ndi lakuti Loweruka likubwerali kudzabwera anthu a sukulu ina ya ku Kabulonga, amene amatenga atsikana odziwa mpira n'kuwaphunzitsa ulere mpaka kumaliza. Akubwerera Esinati, aliyense akudziwa. Achimwene sangathenso kumuphunzitsa okha, ndipo mwayi uwu akuuona ngati khomo lokhalo lotsegula. Sindikuwanena kuti ndi oipa, Amayi. Mwanayu amamukonda kuposa moyo wawo. Kungoti zimene amadziwa ndi za nthawi imene anatenga pepala lawo la ukochi, Judi asanayambe n'komwe sukulu.

Maphunziro aja ndinawaitanira kuyambira tsiku loyamba. Atamva kuti mphunzitsi wake ndi Mwansa, mtsikana uja ankagwira pagolo m'timu yathu, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Ine nikankhale pa desiki, nipunzisiwe na mwana wamene nenze kumangila nsapato?" Ndinawakumbutsa za inu, mmene munalowera kalasi ya amayi kutchalitchi muli ndi imvi kale, kukaphunzira kuwerenga Baibulo kwa mtsikana amene munamubereka kumbuyo ali khanda. Munkati, "Amene akudziwa ndiye wamkulu, mpaka kalasi ithe." Anangoti nkhani ya Baibulo ndi ina, ya mpira ndi ina.

Ndayesa paliponse. Alamu anga, amake a Esinati, amalira, koma pamaso pa amuna awo amangovomereza. Abusa anaika Esinati manja pamutu n'kunena kuti wachira. A komiti ya timu akuti nkhani ya bambo ndi mwana wake sangailowerere. Mwansa anabwera yekha kunyumba, anagwada pakhomo monga mwana woleredwa bwino, koma achimwene sanatuluke m'chipinda. Atapita, ndipo anatulukira ine. Anati, "Amai benze kutithowa chabe. Tinafa? Iwe wayenda ku Woodlands, manje wankhala dokota?"

Apa ndi pamene pandipweteka, Amayi. Akudzitchinjiriza ndi dzina lanu. Ndikamatsutsa iwo, zikukhala ngati ndikutsutsa inu, ndipo inu simungayankhe.

Njira yatsala imodzi. Masewero asanayambe ndingathe kupita kwa woyimbira mpira ndi oyendetsa mpikisano, n'kuwauza kuti mwanayu anavulala m'mutu ndipo akuchipatala amuletsa. Sangamulole kulowa. Koma ndidzakhala ndavula achimwene anga pamaso pa Kabwata yense ndi alendo a ku Kabulonga. Andiuza kale kuti ndikatero ndilongedze, nyumba yanu ino ndisadzaipondenso, ndipo ku timu ndisadzaonekenso. Atsikana aja ndawalera ngati anga, poti anga Mulungu sanandipatse.

Inu nokha ndi amene achimwene ankakumverani. Kutchalitchi amatiletsa kupempha kwa akufa, ndikudziwa, koma ine ndathedwa nzeru. Ngati kumeneko kuli kanjira, abwerereni kutulo. Musawakalipire. Mungowauza kuti munkathowa chifukwa ndi zimene munkadziwa, ndipo mukanamva zimene ndamva ine, mwanayu mukanamukhazika pansi nokha. Muwauzenso kuti m'kalasi muja mpando ulipo, ndipo palibe adzawaseke.

Lero m'mawa Esinati anandipeza ndikuchapa majezi. Anakhala pambali panga n'kuyamba kufinya nawo, dzanja lina ataphimba maso chifukwa cha dzuwa. Anati, "Anti, osakamba. Nili che bwino. Mukakamba, sinizakakambe na imwe futi." Ali ndi liuma lanu lomwe lija, ndipo akanena chinthu sabweza. Ndinangomulanda jezi kuti asawerame.

Yankho ndikupereka kwa inu, poti mwanayu ndi dzina lanu. Achimwene asinthe kapena asasinthe, Loweruka ndidzanena. Sukulu ya ku Kabulonga mwina idzabweranso chaka chamawa, mwina ayi. Nyumba ndidzaipeza kwina. Esinati adzadana nane, ndipo ndikupempha Mulungu kuti amupatse zaka zambiri zodana nane, mpaka amere imvi akundidabe.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikukulonjezani kuti mdzukulu wanuyu sabwera kumeneko msanga.

Ndine mwana wanu,
Marita