Fodya wa Apongozi

Mzimba,
Lachisanu, 11 Julaye 2025.

Okondedwa achimwene anga a Lyson,

Muli bwanji kwathu ku Dedzako, pamodzi ndi alamu anga ndi ana? Kuno tilipo, kungoti kukuzizira koopsa. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ili m'thumba. Manja angawa akusowa chogwira, ndipo ndikapanda kuwapatsa cholembera ndikudziwa kumene athamangire. Mukaona malembo akuvinavina musati ndakalamba, ndi chibaba.

Ndasiya fodya, achimwene. Sekani ndithu, ndikukumvani muli komweko. Ine Malizani, amene ndinkayatsa ndudu ndisanasukusule! Kumene ndinaphunzirira mukukudziwa bwino, sinditchula dzina la munthu.

Nkhani yake ndi ya mwana wanu, Pamela wangayu. Mwezi watha mphumu yake ija inamugwira ali pabwalo la sukulu. Anandiitana ndili m'kalasi, ndipo ndinathamanga naye kuchipatala ali m'manja, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Ndinaopa, achimwene, sindinaopepo chonchija. Anamuika pamakina a mpweya. Mwana atayamba kupuma bwino, dokotala amene amationa banja lonse, mayi Nyirenda, anandiyandikira nanunkhiza jekete langa pamaso pa mkazi wanga Iness.

"Aphunzitsi, mumasuta zingati patsiku?" anandifunsa.

Ndinati ndimasutira panja, kuseri kwa nyumba.

"Sindinafunse malo," iwo anatero. "Utsi umatsalira m'malaya, m'tsitsi, m'manja. Mukamunyamula mwanayu, mbwenu akusuta nanu limodzi."

Sanandikalipire ayi, bola akanandikalipira. Anandikhazika pansi n'kundilankhula ngati mlongo wanga. Anati ndisankhe ndekha tsiku losiyira. Ndiuze anthu onse kuti ndasiya, kuti manyazi azindithandiza. Ndichotse m'nyumba chilichonse cha fodya, ngakhale kotsala m'thumba la buluku lakale. Chibaba chikabwera ndisalimbane nacho, ndimwe madzi, ndiyende, nditafune nzimbe, chifukwa chimadutsa chokha. Ndipo anati ndikagwa ndisabisale, ndibwerere kwa iwo.

Ndachita zonsezo. Nzimbe ndatafuna mpaka nsagwada kuwawa. Njira yodutsa pagolosale paja ndinkagula ndudu ndinaisiya, ndimazungulira kutali ngati munthu wothawa galu. M'kalasi ana amaseka chifukwa choko ndimachigwira pakati pa zala ziwiri. Ukali wokhawo, eee! Tsiku lina ndinakalipira nkhuku ya aneba chifukwa choti inandiyang'ana. Koma ndinali ndikupambana, mpaka Lachiwiri lapitali.

Paja dokotala anati ndiuze anthu onse. Iness anauza kwawo, kumudzi kuja kupitirira pa Jenda. Apongozi anga a Chikomeni mukuwakumbukira, aja anakupatsani tambala tsiku la ukwati wathu. Moyo wawo wonse alima fodya, ndipo ndi fodyayo amene anaphunzitsa Iness sukulu. Atamva kuti mkamwini waletsedwa kusuta chifukwa cha mdzukulu, zinawakhudza kwambiri. Analowa m'chigafa mwawo, nasankha masamba abwino kuposa onse, namanga mndindi waukulu, n'kuukulunga m'pepala la simenti. Mlamu wanga Justus anabwera nawo panjinga yamoto, pamodzi ndi uthenga wake.

"Adada akuti fodya wa m'sitolo ndiye woipa, amathiramo mankhwala kufakitale. Uyu ngwa kumunda kwathu, alima okha, aumitsa okha. Akuti muzipichira ameneyu, mwana sadzadwalanso."

Ndinalandira ndi manja awiri, n'kunena kuti yewo chomene. Ndikanatani?

Tsono ndi uwo uli pamwamba pa kabati m'chipinda chosungira katundu. Chitseko ndatseka, pansi pake ndatsekera chiguduli, koma mphuno yanga ikuumvabe. Ndi fodya wabwino, achimwene, sindinama. Dzulo ndinalowamo ngati ndikufuna nsapato, ndipo ndinapezeka ndaima mphuno ili papepala. Sindinayatse. Koma nditatuluka, Pamela atathamangira kudzandikumbatira ndinamuuza kuti adikire ndikasambe kaye.

Khoswe wakhala pamkhate. Kuutaya sindingathe, Justus adzafunsa ndipo kumudzi kudzamveka kuti Mchewa uja anataya mphatso ya apongozi kudzala. Kupatsa mlonda wa pasukulu, ndiye kuti chifuwa chake chilibe ntchito? Kuutentha, musandiseketse, ndidzaima mbali ya kumene utsi ukupita. Iness akuti iye sangabweze mawu a bambo ake. Kunotu mkamwini sakana cha apongozi, ngakhale atakupatsa mwala umati yewo.

Lero masana ndinabwerera kwa mayi Nyirenda. Anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anasiya kuseka. Anati chingambwe ndi ndudu ya m'paketi ndi pachibale, chifuwa sichisiyanitsa. Anati nawonso ndi mwana wa mlimi wa fodya ndipo akudziwa kulemera kwa mphatso yotere, koma usagone m'nyumba mwanga sabata ina.

"Ndapota nanu, aphunzitsi, kaubwezeni nokha. Musatume munthu. Akuluakulu amakwiya ndi wotumidwa, koma maso a mwini wake amawamvera."

Mawa tikupita. Ndayamba ndaima pomwepa, ndikayende pang'ono. Mpandowu ukundiwotcha.

Lamulungu masana.

Tapita ndipo tabwerako. Mndindi ndinaumanga m'majumbo awiri n'kuuika kumbuyo kwa minibasi, kutali ndi mwana. Njira yonse ndinkakonza mawu, tikufika pa Jenda onse anali atathawa.

Tinapeza a Chikomeni ali kudimba, akuthirira mpiru. Iness ndi Pamela anatsala pakhomo ndi amayi ake a Iness. Ine ndinatsikira kudimbako ndekha, jumbo ili m'manja. Ndinanjuta patali pang'ono, ndinapereka moni, iwo anayankha maso ali pajumbo. Anaizindikira nthawi yomweyo.

"Wakuchepa, asambizgi?" anafunsa. Amanditchula choncho, ndiko kuti aphunzitsi.

Ndinati, "Ayi adada, ndi wambiri, ndipo ndi wabwino. Sindinaonepo wabwino chonchi. N'chifukwa chake ndabwera naye. Akakhala m'nyumba ndimusuta, ndipo ndikamusuta Pamela abwerera pamakina. Adokotala akuti wa kumunda ndi wa m'sitolo ndi chimodzimodzi."

Anaika ndowa pansi. Kenako anati, "Ndiye kuti zaka zonsezi ine ndimalima poizoni?"

Pamenepo mtima wanga unasweka. Munthu wa manja ong'aluka uja, amene anandipatsa mwana wake. Ndinangoti, "Watidyetsa tonse, adada. Koma mdzukulu wanu ndinamunyamula milomo itada. Sindikufuna kudzabwera kuno ndi uthenga wina."

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa jumbo. Anamasula mndindi uja, naununkhiza, nausisita tsamba limodzi ndi chala. Kenako anakoka ndowa yomwe amathirira, nayamba kufikisa masamba onse aja m'madzi, limodzilimodzi, osafulumira. Madzi anasanduka ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinafunsa kuti akutani.

"Nsabwe zandithera mpiru," anatero. "Madzi a fodya ukawaza, mawa umazipeza zafa zonse. Ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira ndili mnyamata." Anapukuta manja pabuluku, ali chiyang'anire m'ndowamo. "Sindinaganizepo."

Basi, mawu anathera pamenepo. Sanabwere kudzadya nafe, ndipo pochoka sanatiperekeze kumsewu monga amachitira nthawi zonse. Amayi anati tiwasiye. Iness analira mwakachetechete mpaka pa Jenda. Sindikudziwa ngati andikhululukira, achimwene, ndipo zikundipweteka. Mwina zitenga chaka. Chinthu chimodzi chokha Iness anaona: Pamela atapita kukatsanzika, agogo ake anayamba avula chikhoti chawo n'kuchikoleka pamtengo, kenako ndi pomwe anamugwira dzanja.

M'minibasi pobwerera munadzaza, ndiye ndinamuika Pamela pamiyendo. Anagona mutu uli pachifuwa panga. Ndinkamvetsera kupuma kwake njira yonse, munalibe kamluzu kaja. Tikulowa m'tauni anadzuka, nakwirira mphuno m'malaya anga, n'kunena kuti, "Adadi, mukununkhira sopo." Ndinayang'ana pawindo kuti kondakitala asaone nkhope yanga.

Chibaba sichinathe, musaganize kuti ndapola. Pano pomwe ndikulemba ndatafuna kale chivundikiro cha cholemberachi. Mayi Nyirenda akuti ndizipitako ndithu kuchipatalako, ndipo ndizipita.

Sukulu tikatsekera tikubwera kumeneko tonse atatu. Muwauze alamu asavutike ndi zambiri, mbatata ya kachewere yokha itikwanira. Pamela sakamba china koma inu. Akuti abambo aakulu adzamuberekanso pamsana mpaka kuchigayo monga chaka chatha, ndipo adzagona pakhonde atatsamira mwendo wanu. Chaka chathacho usiku wake anatsokomola bwanji, mukukumbukira, ndipo tonse tinati ndi mphepo ya ku Dedza.

Inu ndinu aakulu, ndinu amene munatsala m'malo mwa bambo. Ine sindingakuuzeni chochita. Dzulo ndagwada kale pamaso pa munthu mmodzi wamkulu, ndipo mawondo akadawawa. Ndingoti kuchipatala cha kwathuko madokotala aliko, ndipo nzimbe ku Dedza sizisowa. Mukafuna wina womukalipira chibaba chikakugwirani, foni yanga ndi yotsegula, ndazolowera.

Moni kwa alamu, kwa Steve ndi Esther. Iness akupereka moni. Pamela wandifunsanso pompano ngati mudzamubereke. Ndamuuza kuti ndalemba kalata yofunsa, tidikire yankho.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Malizani.