Mlandu wa Makhadi a Ukwati Oyenderera Utoto

Komiti ya Gulu Lopanga Mapepala ndi Makhadi

Tsiku: Lachinayi, 9 Meyi
Malo: Chipinda choyanikira mapepala, kuseri kwa shopu ya telala
Analipo: Wapampando, Msungichuma, a Chitsulo (odinda makhadi, amenenso ndi alamu awo a Wapampando), Wopenta, Mlembi
Sanabwere: Ophika phala la mapepala, mwendo watupa

Mlembi ndine. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho ine ndikuyankhula, cholembera wagwira ndi mwana wanga wamkazi, yemwe ndi Wopenta wa gululi. Ndamuuza kuti asawonjezere, asachotsere.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anati zolembedwa za msonkhano wapita zidikire, pali nkhani yotentha.

2. Makhadi a ukwati

Wapampando anati mwini ukwati wabweza makhadi onse oitanira alendo ndipo walumbira kuti sadzapondanso pakhomo pathu. Anawayala patebulo. Utoto wa maluwa ofiira unali utayenderera mpaka pa mayina a akwati. Msungichuma anati akuoneka ngati bandeji ya pabala. Palibe anaseka.

Wapampando anakumbutsa lamulo la gulu: pepala limayamba lanyowetsedwa, n'kudindidwa pa chikombole chachitsulo kuti maluwa atumphuke, n'kuuma, kenako Wopenta amapaka utoto wamadzi ndi burashi yofinya bwino. Anati Wopenta anadumpha lamuloli popenta mapepala asanadindidwe.

Wopenta anavomera kuti anayamba ndi kupenta. Anati anamutuma ndi Wapampando, chifukwa a Chitsulo anajomba sabata ija pamene tsiku la ukwati linkayandikira. Anati pepala lopentedwa limadindika lili louma, bola kupondereza pang'onopang'ono, ndipo anawauza a Chitsulo zimenezi atabwera.

A Chitsulo anati iwo sadinda pepala louma chifukwa limang'aluka, komanso sangaphunzitsidwe ntchito ndi mwana amene anamuona akukwawa. Anavomera kuti anawaza madzi pa mulu wonse n'kuukulunga m'nsalu yonyowa, monga amachitira nthawi zonse. Mlembi anafunsa ngati utoto wofiirawo sanauone. Iwo anati, "Ine ndimayang'ana chitsulo, mayi, sindiyang'ana maluwa."

Wapampando anati sakukumbukira kuti anatuma munthu. Mlembi anati iye akukumbukira, chifukwa anali pomwepo akung'amba mapepala akale. Wapampando anati umboni wa kholo sulowa. Mlembi anafunsa ngati chigamulo cha mlamu chimalowa. Wapampando anamenya tebulo nati mawu amenewo asalembedwe. Alembedwa.

3. Chigamulo

Wapampando anati Wopenta achoke patebulo lopentera, azikang'amba ndi kunyika mapepala akale. Anakweza manja ndi Wapampando ndi a Chitsulo. Msungichuma anayang'ana pansi, kenako anakweza chala mpaka pakhutu, ndipo chinawerengedwa. Wopenta sanaloledwe kuvota. Mlembi anakana yekha.

A Chitsulo anangopemphedwa kuti azisamala.

Msungichuma anafunsa kuti nanga azipenta ndani. A Chitsulo anati kunyumba kwawo kuli mphwawo wa dzanja labwino. Mlembi anati ndiye kuti madzi aja anawazidwa ndi maso otsegula. Wapampando anamenyanso tebulo.

Mlembi anapempha kuti izi zilembedwe: mwanayu ndiye anabweretsa utoto m'gulu lino. Asanabwere, makhadi athu anali mbuu, ankagona pashelefu mpaka kudyedwa ndi mphemvu. Amene akumugwetsa lero ndi omwe ankatchuka naye dzulo.

4. Nkhani zina

Wapampando anati Wopenta apitirize kulembera mayi ake pamisonkhano, poti amalemba zowerengeka. Mlembi anati, "Dzanja mwalikana pa burashi, musalifune pa cholembera. Ine sindinabereke mwana woti azilemba manyazi ake omwe kawiri." Mlembi anatula pansi udindo.

Wopenta anati maburashi ndi utoto ndi zake, ndipo akupita nazo. A Chitsulo anafunsa kuti mphwawo adzapenta ndi chiyani.

5. Msonkhano wotsatira

Lachinayi loyamba la Juni, malo omwewa. Adzalemba ndi amene Wapampando angamupeze.

Msonkhano unatha 4 koloko. Aliyense anatuluka osatsanzika.

Wapampando: ____________ (anawerengeredwa, anakana kusayina)

Mlembi: Ndadinda chala changa apa ndi utoto wofiira womwe uja, pa pepala louma. Sunayenderere.