Belu Lopanda Mzere

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Kuno tikudzuka, ndipo ntchito ya kusitolo yotchipa ija ndaizolowera.

Sitoloyi ndi yaikulu, koma timagwiramo anthu anayi basi, n'chifukwa chake zinthu n'zotsika mtengo. Munthu yemweyo atsitse katundu, akolope, akhalenso polipiritsa. Katunduyo sitiyala n'komwe, timangong'amba katoni n'kuikweza pashelefu. Poyamba msana unkadandaula, pano unaona kuti palibe akuumvera.

Mzere wa ogula ukatalika, ndimadina belu kuti mnzanga adzatsegule makina ena. Amene amathamangira kawirikawiri ndi mayi wina wa kumafiriji, wamasiye ngati ine ndemwe. Amafika manja ali zii, akuseka, amvekere, "Bambo inu, akupanikizaninso?"

Alamu, mwezi wamawa zikwana zaka zinayi chitisiyireni achemwali anu. Chithunzi chawo chikadali pakhoma, ndimachipukuta Loweruka lililonse. Sindikunena kanthu ayi. Kungoti dzulo ndinadina belu, mayiyo n'kubwera, n'kupeza pamzere palibe munthu ndi mmodzi yemwe. Sanakalipe.

Mundiyankhe inuyo kaye, apongozi asanamve.

Ndine mlamu wanu uja.