Jakisoni wa Tadala

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji? Ine pano ndatambalala pakhonde, miyendo ikuchita kuphwanya poti ndangofika kumene kuchokera kuchipatala. Ndati ndisanagwire china chilichonse ndiyambe ndakuuzani zakuno. Nkhani zaunjikana, ndipo munthu woti ndimuuze zonse osandidula mawu ndikumusowa.

Ndiyambe ndi zabwino. Eneresi, chitsirizira chanu uja, anachira bwinobwino, mwana wamkazi. Anamutcha dzina lanu, moti abambo amachita manyazi kumuitana, amangoti “mayiyo”. Chipumi ndi chanu ndithu, ndipo akakwiya amakwinya pamphuno ngati mmene munkachitira inu tikachedwa kumjigo. Nyanja ija munaisiya itaphwa, anthu akupalasa njinga pamene kale pankadutsa mabwato, inadzadzanso. Matemba anabwerera, tikudya. Mpunga wa kudambo chaka chatha unachita bwino, koma chimanga cha kumtunda mbozi zinatilanda. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, wina fisi anatenga.

Mkamwini wanu, bambo a Tadala, anadwala chifuwa chachikulu chaka chimene munatisiyacho. Anawonda mpaka thalauza kumamanga ndi chingwe. Anamwa mankhwala mpaka kumaliza, ndipo achipatala anati achira. Pano anabwerera kunyanja, amakhala masabata ali m'tinyumba ta asodzi toyandama tija, kuno amangobwera kudzasiya ndiwo. Akatsokomola kamodzi kokha ine mtima umachita phaa, koma iwo amaseka, amati ndi utsi wowambira nsomba.

Abambo ndiye ali ndi matenda a shuga. Mutangopita anayamba kuwonda, kumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo tonse tinkati ndi chisoni. Chisonicho chinalipo, koma matendanso analipo. Tsopano amapita kuchipatala mwezi ndi mwezi kukayezetsa ndi kukatenga mankhwala. Kuwasamala kwake nkovuta, mukuwadziwa amuna anu. Tiyi wopanda shuga amati ndi madzi otsukira mbale. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa khola akutafuna nzimbe, atandiona nkunena kuti amangoyesa ngati mano akadali olimba. Ndinaseka, kenako ndinakalira kukhitchini, chifukwa paphazi pawo pali chilonda chimene chikukana kupola.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi Tadala, mdzukulu wanu woyamba. Mukukumbukira mmene ankavutikira ndi zilonda zapakhosi ali wamng'ono, inu nkumamufunditsira madzi a mchere kuti azichukucha? Tinkaona ngati ndi tizimatenda ta ana. Chaka chathachi anayamba kudandaula mawondo ndi zigongono, kenako akathamanga pang'ono ankapuma ngati wakwera phiri. Kuchipatala chathu chaching'onochi anatitumiza ku Zomba, ndipo kumeneko atamuunika pachifuwa adokotala anandiuza kuti matenda apakhosi aja anakafika kumtima. Anati mumtima muli ngati tizitseko timene timatseguka ndi kutseka magazi akamadutsa, ndiye kamodzi mwa ito kanawonongeka, sikatseka bwino. Kuti kasapitirire kuwonongeka, mwanayu azibayidwa jakisoni mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, osadumphitsa.

Jakisoni wake, Amayi, si wamasewera. Mankhwala ake ndi oyera, olimba ngati phala, ndipo amalowa pang'onopang'ono. Ulendo woyamba Tadala anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa. Akabayidwa amayenda motsimphina tsiku lonse, pabenchi ya kusukulu amakhalira mbali imodzi. Koma sanakanepo. Ankangoluma mlomo, basi.

Ndiye onani mmene moyo wanga unakhalira. Sabata ino ndili ndi abambo, sabata yamawa ndili ndi Tadala, ina ndaperekeza Eneresi kusikelo, ina ndakwera ulendo wa ku Zomba. Njinga ndi imodzi yomwe ija ya abambo, unyolo wake umaguluka pamene wafunira. Amayi ogulitsa zitumbuwa pageti la chipatala anafika pondifunsa ngati ndinalembedwa ntchito pamenepo. Inu munkakonda kundiuza kuti, “Felesiya, idya kaye, uzidandaula uli wokhuta.” Ndimayesetsa, koma masiku ena ndimazindikira dzuwa litapendeka kuti m'kamwa simunalowe kanthu.

Mvula itayamba zinthu zinathina. Inali nthawi yowokera mpunga, ndipo chilonda cha abambo chinakula, achipatala nkunena kuti azipita pafupipafupi kukachitsuka. M'mawa ndinkawakweza panjinga m'matope muja, masana ndili kudambo. Tadala ataona mmene ndinkatopera anandiuza kuti kwa jakisoni azipita yekha, wakula, njira akuidziwa. Ali mu Sitandade 8 tsopano, msinkhu wandipitirira. Ndinavomera, ndipo kunena zoona mtima unapepuka. Tsiku lake likafika ankasamba, nkunyamuka, masana nkubwera akutsimphina monga mwa nthawi zonse. Ine nkumati mwana wanga ndi wolimba mtima.

Mpunga utayamba kubereka ndinaona zachilendo. Akachokera kumjigo ankatula ndowa panjira kuti apume. Nsapato zake za kusukulu zinayamba kumuthina, iye nkumati zachepa. Ndikamufunsa ankati palibe kanthu. Munkanena inu kuti mwana wamkazi akayankha msanga kuti palibe kanthu, mayi akhale pansi afunsenso. Ine sindinakhale pansi, ndinali pa liwiro. Mpaka m'mawa wina ndinamupeza atakhala pamwala wochapira, zovala zili m'beseni, akupuma mobanika. Nditamuyang'ana mapazi, anali atatupa. Ndinadinikiza ndi chala, malowo nkukhala olowa osabwerera.

Ndinaitana wakabaza nthawi yomweyo. Titafika kuchipatala chathu, anesi amene amamubaya aja atangotiona anafunsa kuti mwanayu anasamukira kuti, poti papita miyezi osamuona. Amayi, ndinaima ngati mtengo. Ndinati mwina asokoneza ndi mwana wina. Nditacheukira kwa Tadala, anali atazyolika, akupotokola nsonga ya chitenje. Sindinamukalipire. Anatilembera kuti tipite ku Zomba tsiku lomwelo, ndipo kumeneko anamugoneka, nkumupatsa mankhwala ochotsa madzi m'thupi.

Tinakhala m'chipatalamo masiku angapo Tadala asanandiuze chilichonse. Ndinkamusambitsa, kumudyetsa, osafunsa. Masana ena, odwala anzake atatuluka kukaothera dzuwa, anayamba yekha kufotokoza. Tsiku la jakisoni wake kuchipatala chathu limakumana ndi tsiku limene amayi amapita kukatenga njira zolera, ndipo khomo lolowera ndi limodzi. Pamene ndinkapita naye ine, palibe ankaganiza kanthu. Koma ulendo woyamba umene anapita yekha anakumana ndi amake a Joyisi, aja okhala kuseri kwa tchalitchi. Sabata isanathe nkhani inali ponseponse kuti mwana wa Felesiya akubayitsa jakisoni wolera, ali ndi chibwenzi ndi msodzi wa kudoko. Kusukulu anyamata ankamuimbira mluzu. Mnzake wapamtima uja, Memore, makolo ake anamuletsa kuyenda naye. Ndiye miyezi yotsatira ankanyamuka pakhomo, nkukakhala pansi pa mtengo kufupi ndi mlatho mpaka dzuwa kufika pamutu, kenako nkubwera akudzitsimphinitsa kuti ine ndisadziwe.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire. Anati anaona kuti ndili kale ndi agogo ake pamsana. Kenako anati, “Amayi, kuwawa kwa jakisoni ndinazolowera. Koma kuti anthu azinditi ndine hule, chimenecho chinandikanika.”

Ine mudzi wonse unkadziwa nkhaniyi, ndekha ndi amene sindinaimve. Ndinkadutsa pamjigo anthu nkundipatsa moni bwinobwino.

Tisanatuluke adokotala anamuunikanso, ndipo nkhope yawo sinandisangalatse. Anati mtima wakulako, kachitseko kaja kakudontha kuposa poyamba. Anamuwonjezera mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku. Anati tidzapitenso tikakolola kuti akaone ngati mtimawo wakhazikika. Ngati sunakhazikike ndiye kuti pafunika opaleshoni, ndipo opaleshoni yake siichitika ku Zomba, ndi ya kutali, yodikira pamzere. Ndinafunsa ngati kudumphitsa kuja ndi kumene kwachititsa. Sanandiyankhe mwachindunji, anangoti chofunika tsopano ndi chakuti asadzaphonyenso.

Titabwerera kumudzi ndinamanga chitenje kuti ndikaonane ndi amake a Joyisi. Ndinali nditakonza kale mawu, ndipo sanali mawu a munthu wopemphera. Abambo anandiitana ndili pachipata. Anati ndikakatukwana, anthu adzati pali chimene tikubisa, ndipo amene adzavutike kusukulu ndi mwana yemweyo. Anandiuza kuti ndikapemphe anesi aike tsiku lawo la shuga pa tsiku la Tadala, azipita limodzi. Ndinadabwa, chifukwa abambo amenewa ndi amene ndimachita kuwanyengerera kuti apite kuchipatala. Anesi anavomera, ndipo anati akanadziwa msanga akanamusinthira mwanayo tsiku. Koma abambo anakana zosintha. Anati tsiku likhale lomwelo, khomo likhale lomwelo.

Ndiye lero linali tsiku lake. Abambo anavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa, phazi lili m'bandeji. Ine ndinawakweza panjinga, Tadala tinamukweza kabaza kuti asatope. Titafika, m'malo mokakhala kumbali ya anthu a shuga, anapita ndi ndodo yawo kukakhala pabenchi ya amayi olera, pakati penipeni, Tadala ali pambali pawo. Amayi aja anayamba kuyang'anana, ena kubisa kukamwa m'zitenje. Ndipo Mulungu ali ndi nthabwala zake, Amayi, chifukwa kumapeto kwa benchi yomweyo kunali amake a Joyisi.

Abambo anavula chipewa nkuwapatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ana ndi za kumunda. Kenako anakweza mawu kuti aliyense amve. “Ife tabwera kudzabayitsa wa mtima, ine ndi mdzukulu wangayu. Mtima wake ukuvuta, jakisoni ameneyu ndiye akumusunga. Nanga inu mwabwerera wa chiyani?”

Benchi yonse inafa ndi phwete. Amake a Joyisi anayankha zosamveka, maso ali pansi. Mayi wina wa kwa Kuntumanji, amene sitimudziwa nkomwe, anasendera kwa Tadala nkumufunsa za matendawo, poti nayenso ali ndi mwana wovutika pakhosi. Tadala anamufotokozera bwinobwino, mutu uli m'mwamba. Ndiye ataona nkhope ya amake a Joyisi anaseka, kuseka kumene sindinakumve chiyambire mvula. Koma kusekako kunathera m'chifuwa. Anatsokomola nthawi yaitali atagwira pamtima, ndipo ine chimwemwe chonse chinauma pomwepo. Umu ndi mmene ndikukhalira masiku ano. Ngakhale mwana akamaseka, ine ndimakhala ndikumvetsera kapumidwe kake.

Anabayidwa, ndipo kutsimphina kwa lero kunali koona, ndinaona ndi maso anga singano ikulowa. Pobwerera tinapumira pamthunzi kuti abambo awongole mwendo. Iwo atapita patchire, Tadala anandiyandikira nkundifunsa motsitsa mawu. “Amayi, kodi agogo aakazi pamene ankamwalira anamva kuwawa?”

Ndinamuuza zoona, kuti munangogona, dzanja lanu lili m'manja mwanga, ndipo nkhope yanu inali yofatsa. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wayankhidwa zimene wakhala akuzilingalira nthawi yaitali. Ndinamugwira paphewa nkumuuza kuti iye sakupita kulikonse, ali ndi mayeso oti alembe. Anamwetulira kuti andisangalatse. Mwana wa msinkhu umenewu, Amayi, woti azifunsa za madiresi ndi za kusekondale, akufunsa zimenezi.

Panopa wagona pamphasa m'nyumbamu, ndamuikira mapilo awiri kuti mutu ukhale m'mwamba. Abambo ali pansi pa mango, akufotokozera Eneresi za pabenchi paja, ndipo nkhaniyo ikukula ulendo uliwonse akaibwereza. Mpunga wayamba kucha. Anthu akusangalala kuti kukolola kwayandikira, ine ndikamaona ngala zikuwerama mtima umagunda, poti tikangomweta ndiye kuti ulendo wa ku Zomba wakwana, ndikamve zimene adokotala akapeze.

Ndili ndi pempho limodzi, Amayi. Ndikudziwa kuti mdzukulu wanuyu munkamukonda kuposa tonse, ndipo mwina mwamusowa. Koma mukadzamuona akubwera njira ya kumeneko, musadzamulandire. Musadzamuyalire mphasa, musadzamupatse ngakhale madzi akumwa. Mudzamukalipire, mumubweze kwa amake. Ine mbali yanga ndikulonjeza kuti jakisoni ameneyu sadzaphonyanso, kaya kugwe mvula yotani, kaya njinga ithyoke, ndidzamubereka kumsana ngati khanda mpaka tikafike.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Felesiya